KODI NKOYENERA KUPHUNZITSA ANA NDI ZITHUNZI?



M'chigawo chino tafika pa Malamulo Khumi, ndipo Sabata lina posachedwapa mudzaima pamaso pa ana kuwaphunzitsa lamulo lachiwiri. Mudzawauza kuti Mulungu adaletsa anthu ake kudzipangira mafano ndi kuwagwadira. Koma m'manja mwanu, kapena pa khoma la kalasi, padzakhala chithunzi chija cha Yesu alikudalitsa tiana. Tsono mwana wina wochenjera adzakweza mkono ndi kufunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga icho?" Kodi mudzamuyankha chiyani? Kumuuza kuti akhale chete sikuyankha iai. Funso la mwanayo lidavutitsa abusa, mafumu ndi anthu ophunzira kwa zaka mazana ambiri, ndipo ena adaponyedwa m'ndende, ena adapirikitsidwa m'dziko lao, ena adaphedwa kumene chifukwa cha funso lomweli.

Nkhani iyi si yokawerengera ana. Ndi yanu, kuti mukaime pamaso pao mukudziwa chimene mukhulupirira. Musanapitirire, tsegulani Buku Lopatulika muwerenge Eksodo 20:4-6, Numeri 21:4-9 ndi 2 Mafumu 18:1-4.

Luso ndi mphatso

M'chaka cha 1940 anyamata anai a ku France adalowa m'dzenje pafupi ndi mudzi wa Montignac, napeza phanga lalikulu limene litchedwa Lascaux. Pa makoma ake padali akavalo, agwape ndi ng'ombe zam'thengo, zojambulidwa ndi utoto wofiira, wachikasu ndi wakuda, ng'ombe ina yotalika kupitirira mamita 5. Akatswiri ayesa kuti zithunzizo zatha zaka ngati 17,000. Anthu amene adazijambula sadadziwe kulemba, sadalime minda, sadasule chitsulo. Komabe adapera dothi lofiira ndi miyala yakuda, nayatsa nyale za mafuta a nyama, nalowa mumdima kukajambula.

Sitisowa kuoloka nyanja kuti tione zotere. Ena a inu mudafikako ku Chongoni, m'boma la Dedza, ku maphunziro a mpingo. M'mapiri omwewo muli malo 127 okhala ndi zojambula za pamwala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidawaika pakati pa malo oyenera kusungidwa ndi dziko lonse lapansi. Zofiira zimanenedwa kuti nza Akafula, ndipo zoyera zambiri nza makolo a Achewa.

Pali ponse pamene padakhala munthu, dzanja lake lidajambula, lidasema, lidaumba. Inu nomwe muona anyamata akuumba ng'ombe zadongo kudambo popanda wowaphunzitsa. Ichi chisatidabwitse, pakuti munthu adalengedwa m'chifaniziro cha Mlengi, ndipo mwana wa mmisiri sasowa kaluso m'zala. Pa Eksodo 31 timva kuti Mulungu adadzaza Bezaleli ndi Mzimu wake kuti agwire ntchito ya golidi, siliva, mkuwa, miyala ndi mitengo. Mulungu yemweyo amene adapereka lamulo lachiwiri ndiye adalamulanso kuti pa likasa paikidwe akerubi awiri agolidi. M'Kachisi wa Solomo thanki lalikulu lamkuwa lidakhala pa misana ya ng'ombe 12 zamkuwa (1 Mafumu 7:25). Chotero tisayambe ndi kunena kuti kujambula ndi tchimo. Luso ndi mphatso ya Mulungu, ndipo mwana wa m'kalasi mwanu amene ali nalo musamlefule.

Pamene chosemedwa chisanduka mulungu

Komatu mphatso yomweyi idasanduka msampha. Ku Aigupto, kumene Aisrayeli adali akapolo, mmisiri akatha kusema fano, ansembe ankalichitira mwambo wotsegula pakamwa kuti likhale ngati lamoyo. M'mawa uli wonse wansembe ankatsegula chitseko cha kanyumba ka fanolo, kulisambitsa, kuliveka ndi kuliikira chakudya. Ku Olympia, m'dziko la Agriki, mmisiri Phidias adapanga fano la Zeus cha m'ma 435 Yesu asanabadwe, la golidi ndi minyanga ya njovu, lotalika mamita ngati 12, ndipo anthu ankayenda maulendo aatali kudzaliona. Mneneri Yesaya, pa mutu 44, aseka munthu amene adula mtengo umodzi, chigawo china aphikira chakudya ndi kuothera moto, chotsalacho nachigwadira.

Ngakhale pakati pa Agriki eni ake padali oona cholakwacho. Xenophanes, amene adakhala moyo zaka ngati 500 Yesu asanabadwe, adaona kuti mtundu uli wonse umapanga milungu yofanana ndi eni ake, anthu akuda milungu yakuda, a tsitsi lofiira milungu ya tsitsi lofiira, ndi kuti ng'ombe ndi akavalo zikadakhala ndi manja zikadajambula milungu yonga ng'ombe ndi akavalo. Munthuyu sadadziwe Mose, koma adakhudza pa chilonda penipeni. Mulungu adalenga munthu m'chifaniziro chake, ndipo munthu wochimwa afuna kubwezera, kupanga Mulungu m'chifaniziro cha munthu.

Onetsetsani nkhani ya mwana wa ng'ombe wagolidi pa Eksodo 32. Aroni atatha kumpanga adalengeza chikondwerero cha Yehova. Anthuwo sadaganize kuti ataya Mulungu wao. Adangofuna kuti akhale woti nkumuona, kumnyamula ndi kumuika pamene iwo afuna. Fano limakoma chifukwa silidzudzula. Ulipatsa nsembe, ilo likhala duu, iwe nupitiriza njira zako. Koma pa Horebu Aisrayeli adamva mau, osaona maonekedwe ali onse, ndipo Mose adawakumbutsa chimenechi pa Deuteronomo 4. Mulungu wathu ndi Mulungu wolankhula, ndipo afuna anthu omvera.

Njoka yamkuwa

Ngati mufuna nkhani imodzi yokuthandizani kusiyanitsa chithunzi chabwino ndi fano, gwiritsitsani iyi. M'chipululu anthu atalumidwa ndi njoka, Mulungu mwini adauza Mose kuti apange njoka yamkuwa ndi kuipachika pa mtengo, ndipo wolumidwa akaiyang'ana ankachira. Njokayo sidali yoipa. Ambuye Yesu adaitchula pa Yohane 3:14 pofanizira kukwezedwa kwake pa mtanda. Aisrayeli adaisunga, ndipo sitingawadzudzule pa kutero, pakuti idali chikumbutso cha chifundo cha Mulungu.

Koma patapita zaka mazana angapo, m'masiku a mfumu Hezekiya, anthu adapezeka akuifukizira zonunkhira. Hezekiya adaiphwanya, ndipo Malembo amtama chifukwa cha ichi. Taganizani: mkuwa udali womwewo, maonekedwe omwewo. Chidasinthika nchiyani? Mitima ya anthu. Poyamba ankayang'ana njoka nakhulupirira lonjezo la Mulungu. Pambuyo pake adayang'ana njoka naima pomwepo. Chinthu chimene chidali mthenga chidakhala pa mpando wa mfumu. Tsono funso lathu pa chithunzi chili chonse likhale ili: kodi chikutumikira Mau, kapena chalanda malo ao?

Mpingo ulimbana nalo funsoli

Akhristu oyamba sadasiye zithunzi zambiri. Ku Dura-Europos, mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Firate m'dziko la Syria, ofukula zakale adapeza nyumba imene idasandulidwa tchalitchi cha m'ma 240. M'chipinda chobatiziramo mudali zithunzi za Mbusa Wabwino, za wamanjenje atasenza mphasa yake, ndi za Yesu ndi Petro akuyenda pa madzi. M'manda a pansi pa nthaka ku Roma Akhristu ankajambula Yona, Danieli pakati pa mikango, ndi kuukitsidwa kwa Lazaro. Zidali zithunzi zazing'ono, zokumbutsa olira kuti Mulungu apulumutsa.

Chikhristu chitaloledwa ndi mfumu Constantine mu 313, matchalitchi aakulu adamangidwa, zithunzi zidachuluka, ndipo anthu adayamba kuziyatsira nyale ndi kuzipsompsona. Serenus, bishopo wa ku Marseille, ataona anthu ake akuzigwadira adaziphwanya. Gregory, bishopo wa ku Roma, adamlembera makalata mu 599 ndi 600. Adamtama pa kuletsa anthu kuzipembedza, koma adamdzudzula pa kuziphwanya, chifukwa kwa iye zithunzi zidali ngati buku la anthu osadziwa kuwerenga. Ganizo la Gregory lidatsatidwa ku Ulaya zaka pafupifupi 900.

Kum'mawa, ku Constantinople, nkhaniyi idabutsa mkangano woopsa. Cha m'ma 730 mfumu Leo III idatsutsa zithunzi zopatulika, ndipo mwana wake Constantine V adaitanitsa msonkhano wa mabishopo mu 754 umene udaziletsa. Otsutsawo ankati: mukajambula Yesu mujambula thupi lokha, umulungu wake simungaujambule, ndiye kuti mwamgawa pakati. Koma Yohane wa ku Damasiko adalemba kuti kale Mulungu sadajambulike popeza sadaoneke, koma Mau atasandulika thupi anthu adamuona ndi kumkhudza, ndipo chimene maso adaona dzanja lingathe kuchijambula. Msonkhano wachiwiri wa ku Nicaea mu 787 udabwezera zithunzi, nusiyanitsa ulemu woperekedwa kwa chithunzi ndi kupembedza koyenera Mulungu yekha. Mkangano udabukanso mu 815, nutha mu 843.

Tisafulumire kuseka mbali ina iliyonse. Onse awiri ankafuna kulemekeza Khristu. Yohane adanena zoona kuti Yesu adali munthu weniweni, wa nkhope ndi manja. Koma kusiyanitsa ulemu ndi kupembedza nkosavuta pa pepala la ophunzira. Mumtima wa munthu wogwada ndi misozi, malire ake aoneka movuta. Iwo aja ofukizira njoka yamkuwa akadafunsidwa, kapena akadati akungolemekeza chikumbutso cha Mose.

Kukongola ndi mtengo wake

Ku Ulaya wa kumadzulo funso lidadza mwa njira ina. Suger, mkulu wa nyumba ya amonke ya Saint-Denis pafupi ndi Paris, adamanganso tchalitchi chake ndi mazenera aakulu a magalasi amawangamawanga, ndipo chigawo chatsopanocho chidapatulidwa mu 1144. Iye ankakhulupirira kuti kuwala ndi kukongola kukweza mtima wa munthu kwa Mulungu. Mamangidwe amenewa adafalikira. Ku Chartres, tchalitchi chomangidwanso moto wa mu 1194 utatha chili ndi mazenera otere oposa 150, odzala ndi nkhani za m'Malembo ndi za oyera mtima. Koma mmonke wina wa masiku omwewo, Bernard wa ku Clairvaux, cha m'ma 1125 adadandaula kuti amonke ataya tsiku lonse akuyang'ana anyani ndi mikango yosemedwa pa mizati m'malo mosinkhasinkha Mau, ndi kuti makoma a tchalitchi avekedwa golidi pamene ana a mpingo ali amaliseche. Funso la Bernard silidathe mphamvu, ndipo komiti iliyonse yomanga tchalitchi iyenera kulimva.

Ku Italy amisiri adaphunzira kujambula anthu ngati amoyo. Cha m'ma 1305 Giotto adajambula moyo wa Yesu pa makoma a kachisi wamng'ono ku Padua. Pa chithunzi cha Yesu atatsitsidwa pa mtanda, amake amfungatira, Yohane atambasula manja ndi chisoni, angelo nawonso alira m'mwamba, kotero kuti woona amva ngati ali pamaliro pomwepo. Koma kumbukiraninso kuti mwini kachisiyo, Enrico Scrovegni, adali mwana wa munthu wolemera ndi katapila, ndipo adadzijambulitsa pa khoma akupereka nyumbayo ngati mphatso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kukongola kwa chopereka sikutsuka njira imene ndalama idadzera.

Cha m'ma 1427 Masaccio adajambula Utatu Woyera m'tchalitchi cha Santa Maria Novella ku Florence. Adatsata njira yatsopano yoyesera mizere, kotero kuti khoma losalala lioneka ngati chipinda cholowa m'kati. Ndi ntchito yodabwitsa. Koma kumbuyo kwa mtanda adaimikapo Mulungu Atate ngati nkhalamba ya ndevu. Apa ndipo ife tiima. Luso lidakula, koma palibe luso lokwanira kujambula Iye amene palibe munthu adamuona (Yohane 1:18). Chithunzi chotere, ngakhale chikongole bwanji, chinena bodza, pakuti Mulungu sakalamba ndipo alibe malire.

Yankho la mpingo wathu

Patapita zaka ngati 100 idafika nthawi ya kukonzanso mpingo, ndipo m'menemo ndimo muli mizu yathu. John Calvin sadadane ndi luso. Adalemba kuti kusema ndi kujambula ndi mphatso za Mulungu, koma kuti tijambule zokhazo zimene maso angathe kuona, ndi kuti ulemerero wa Mulungu usadetsedwe ndi zifaniziro. Katekisma wa Heidelberg wa mu 1563, pa mafunso 96 mpaka 98, aphunzitsa kuti Mulungu sangajambulidwe ndipo sayenera kujambulidwa; kuti zolengedwa zingajambulidwe, koma osati kuti zipembedzedwe kapena kuti tipembedzere nazo Mulungu. Ndipo pa ganizo lija la Gregory ayankha kuti iai: Mulungu afuna anthu ake aphunzitsidwe ndi Mau olalikidwa, osati ndi zithunzi zosalankhula. Katekisma Wamkulu wa Westminster apitirira pamenepo, naletsa chifaniziro cha aliyense wa Atatu a mu Utatu. Chifukwa chake alipo Apresbiteriya okhulupirika amene salola konse chithunzi cha Yesu, ndipo tisawayese ouma mitu.

Onani nzeru ya yankho ili. Ngati anthu sadziwa kuwerenga, mankhwala ake si kuwapatsa zithunzi ndi kuwasiya momwemo. Ndi kuwaphunzitsa kuwerenga ndi kuwalalikira m'chinenero chao. Nchifukwa chake pamene padafika mpingo wathu padafikanso sukulu. Chithunzi sichingayankhe funso la mwana. Chingaonetse munthu atapachikidwa pa mtanda, koma sichingauze mwana chifukwa chake adapachikidwa, kapena kuti adafera iyeyo. Ntchito imeneyi idapatsidwa kwa inu.

Tsono mukachite chiyani?

Choyamba, musajambule kapena kuonetsa ana chithunzi cha Mulungu Atate. Mwana akafunsa kuti Mulungu aoneka bwanji, muuzeni kuti Mulungu ndi Mzimu, ndi kuti timdziwa pa zimene Yesu adanena ndi kuchita.

Chachiwiri, mapu, zithunzi za chingalawa cha Nowa, za ngamila, za nkhosa, za mphesa ndi za nyanja ya Galileya ndi antchito abwino. Gwiritsani ntchito, ndipo alekeni ana ajambule okha pa mchenga kapena pa pepala.

Chachitatu, pa zithunzi za Yesu tsatani chimene abusa ndi akulu a mpingo wanu alangiza. Kumene ziloledwa, nenani zoona kwa ana: ichi ndi ganizo la wojambula. Mauthenga anai satiuza kutalika kwa Yesu kapena maonekedwe a nkhope yake. Augustine, bishopo wa ku Hippo kumpoto kwa Afrika, amene adamwalira mu 430, adavomera kuti anthu aiganizira nkhope ya Ambuye m'njira zosawerengeka. M'zithunzi zoyamba zija Yesu ndi mnyamata wopanda ndevu. Wa ndevu ndi tsitsi lalitali adazolowereka pambuyo pake. Amisiri a ku Ulaya adamjambula ngati mzungu, monga Xenophanes akadayembekezera. Yesu adali Myuda wa ku Galileya. Mwana akakula akuganiza kuti Mpulumutsi ndi wa azungu, tsiku lina wina adzamuuza kuti Chikhristu nchachilendo, ndipo adzasowa choyankha. Kuongola mtengo mpoyamba.

Chachinai, penyetsetsani zizindikiro za njoka yamkuwa. Mukaona mwana akupsompsona chithunzi, akupemphera moyang'ana icho, kapena akuchiika kumutu kwa mphasa kuti chimteteze usiku ngati chithumwa, dziwani kuti nthawi ya Hezekiya yafika. Chichotseni mofatsa, ndi kumfotokozera chifukwa chake. Ngakhale Buku Lopatulika lomwe, likasungidwa pansi pa mtsamiro osawerengedwa, lasandulidwa chithumwa.

Chachisanu, musaphunzitse ana kunyoza Akhristu a mipingo ina. Fotokozani chimene ife tikhulupirira ndi chifukwa chake, ndipo mulekeze pomwepo. Makoma a tchalitchi chathu angakhale oyera mbee, mitima yathu ili yodzala ndi mafano. Paulo atchula kusirira kwa nsanje kuti ndiko kupembedza mafano (Akolose 3:5).

Ndipo mwana uja wokweza mkono? Muyamikeni pa funso lake. Muuzeni nkhani ya njoka yamkuwa, ndipo mumfunse iye mwini kuti Hezekiya adaiphwanyiranji. Akayankha, pindani chithunzicho, muchiike pa tebulo, ndi kuuza kalasi lonse kuti phunziro lipitirira popanda icho, chifukwa Yesu sali m'pepala. Pomaliza kumbukirani kuti Mulungu adaika kale chifaniziro chake m'kalasi mwanu. Ndicho ana aja okhala pansi, ena osasamba bwino, ena obwera ndi njala. Mmene muwachitira ndimo muonetsa ulemu wanu kwa Iye amene adawalenga.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa aphunzitsi

1. Akerubi agolidi ndi mwana wa ng'ombe wagolidi onse adapangidwa ndi manja. Kusiyana kwao kuli pati?
2. Kodi pa mpingo panu pali chinthu chabwino chimene chayamba kufukiziridwa ngati njoka yamkuwa?
3. Mukadalandidwa zithunzi zonse, mukadaphunzitsa bwanji nkhani ya Mbusa Wabwino kwa ana a zaka 6?

Ambuye akudalitseni pamene mukonzekera.